Timikanda Tokana Kugwirana

Bokosi linagwa n'kukatera pa mulu wa masiponji pansi pa chibowo kuti phuu. Nafumbi anatsegula kanema pa kompyuta, ngakhale ankadziwa kale zimene aone. Timikanda ta galasi tinkayandama m'bokosimo ngati anthu odana amene akumana pa ukwati wa mbale wawo: kugundana mapewa, kutembenuka, aliyense n'kulowera kwake. Panalibe ngakhale tiwiri togwirana.

"Zakananso?" anafunsa alamu ake, amuna a mkulu wake, uku akupukusa chingwe chokwezera bokosilo.

"Ayi, zatheka. Misoziyi ndi yachimwemwe."

"Musandilume ine, alamu. Gawo langa ndi mawaya, ndipo mawaya ali bwinobwino."

M'chibowomo kale munkayenda chikepe. Chikepecho chitafa, a yunivesite anachizula n'kusiya dzenje lalitali lochokera pa nsanjika yomaliza mpaka pansi. Ukaponyamo bokosi, pa kanthawi kamene likugwa zonse za m'kati mwake zimataya kulemera, n'kumayandama ngati zili kutali mumlengalenga. Kanthawi kameneko, kosakwana n'komwe kuti munthu ayetsemule n'kupepesa, ndi kamene kanamudyera Nafumbi zaka. Dzina limeneli anamupatsa ndi anzake a m'labu, chifukwa ukamufunsa za nyengo ankayankha za fumbi.

Funso lake linali losavuta kulifunsa. Dziko tikupondali, pamodzi ndi mapulaneti anzake, linayamba ngati fumbi lozungulira dzuwa. Tifumbi tating'onoting'ono tikakhudzana timamatana tokha popanda guluu, chifukwa cha kamphamvu kofooka kotchedwa van der Waals, komwenso kamachititsa nalimata kuyenda chadodolido kudenga osagwa. Koma kamphamvuka n'kaulesi. Timibulu tikakula kufika ngati njere za mchenga, kamalephera kutigwira, ndipo timangogundana n'kunjanja ngati mpira. Mphamvu yokoka, ija imagwetsa zinthu pansi, imayamba kusonkhanitsa zinthu zikakula ngati phiri. Ndiye pakati pa njere ya mchenga ndi phiri, anaolotsa fumbi ndani?

Yankho la Nafumbi linali nyesi. Osati ya m'mawaya, koma ija imabwera zinthu zikakhulana, imene imachititsa chipeso kunyamula timapepala ukachikhula m'tsitsi. Njere zikamagundana, ina imatenga nyesi ya mtundu uwu, ina ya mtundu winawo, ndipo zosiyanazo zimakokana. N'chifukwa chake asanaponye bokosi, kamakina kankayamba kagwedeza timikanda kuti tikhulane.

Poyamba zinkatheka. Timikanda tinkagwirana m'timagulu tokhala ngati mazira a chule, ndipo Nafumbi ankaonera kanemayo ngati mayi woonera mwana wake akuyamba kuyenda. Kenako zinangosiya. Anasintha kamakina kogwedeza. Anatsegula thumba latsopano la timikanda. Anaumitsa mpweya wa m'bokosi poopa chinyezi. Anafika mpaka posintha nsapato zimene ankavala. Timikanda tinkangoti balala.

Chitseko chinatseguka, a Pulofesa n'kulowa atanyamula kapu ya tiyi. Anayang'ana pa sikirini, anapsontha tiyi, n'kuyang'ananso.

"Mapulaneti anu achedwatu kubadwa," anatero.

"Pali chinachake chasintha, a Pulofesa. Ndichipeza."

"Komiti ikubwera Lachinayi. A zomangamanga akufuna chibowochi kuti azigwetseramo zipewa za anthu okwera njinga zamoto. Chipewa chikagwa chimasweka kapena sichisweka, aliyense amamvetsa. Inu mudzawaonetsa chiyani?"

"Akanema oyamba aja alipo."

"Eya, akanema oyamba aja." A Pulofesa anaika kapu pa tebulo pang'onopang'ono. "Pamene munkawajambula munali ndi ndani?"

"Ndinali ndekha. Nthawi imeneyo tinalibe mmisiri."

"Mwaona? Muli nokha zinkagwirana. Pabwera mboni, zaleka. Ine sindikunena kanthu. Ndikungokuuzani mmene anthu ena amawerengera zinthu."

Nafumbi anawatembenukira. "Mukunditcha wabodza?"

"Ndati sindikunena kanthu. Lachinayi zikakana, chibowo chipita, ntchito yanu titseka, ndipo akanema aja wina adzafuna kuwaunika." Anatola kapu yawo n'kutuluka.

Alamu aja nthawi yonseyi ankangopukuta sikuludiraiva imene inali yoyera kale. Pamkono anali ndi kachingwe kawo kamene sankavula, kolumikiza thupi ndi chitsulo cha tebulo kuti nyesi ya m'thupi isaotche zipangizo. Asanabwere kuno ankakonza mafoni ndi makompyuta m'kashopu kena kamene kanatsekedwa. Mkulu wake wa Nafumbi ndi amene analira mpaka Nafumbi anakawanenera kwa a Pulofesa kuti awalembe, ndipo alamuwo anali akadali pa miyezi yoyesedwa.

"Musadandaule, akazi anga aang'ono," anatero. "Zipewa zikabwera ndidzakupemphereni malo. Muzidzatola zidutswa."

Nafumbi anawaponyera siponji. Inawaphonya, ndipo izi zinamupsetsa mtima koposa.

Lamlungu masana anapita kwa mkulu wake, osati chifukwa chofuna kucheza koma chifukwa makoma a chipinda chake anamukwana. Anapeza achemwali akewo akusita pabalaza, wailesi ikulira chapansipansi, zovala zosita kale zitasanjidwa pa mkono wa sofa.

"Nkhope imeneyo wabwera nayo kwa ine kapena ukupita nayo kwina?" anafunsa mkulu wakeyo.

"Ndatopa, achemwali."

"Umatopa ndi chiyani iwe, munthu wogwetsa mabokosi? Ukanakhala ndi ana ukanadziwa kutopa. Tandipatsira jekete la alamu akolo."

Nafumbi anatenga jekete loyera la ku labu pa mpando n'kuwapatsa. Achemwali analikung'untha kamodzi, n'kuliyala pa tebulo.

"Koma pano ndiye ndapumako," anatero akuyendetsa simbi. "Atangoyamba ntchito kwanuko, nyumba inoyi inasanduka sitolo ya mikanda. M'matumba timikanda, m'makolala timikanda, pa kapeti timikanda. Ukati ukung'unthe, takakamira ngati nsabwe. Tsiku lina ndinaterereka pakhomo la bafa, pang'onong'ono kuthyoka msana chifukwa cha mapulaneti ako."

"Pepani."

"Usapepese, zinatha. Mwamuna wanga ndi dolo. Anathana nato."

Nafumbi anali atatsamira pa sofa. Anadzuka n'kukhala tsonga. Anayang'ana manja a juzi yake. Kale ankapeza timikanda paliponse, m'tsitsi, m'chikwama, ngakhale m'mbale. Anayesa kukumbukira tsiku lomaliza limene anatola kamkanda pa chovala chake, koma sanalipeze. Ku labu nakonso timikanda tinkakakamira m'mbali mwa botolo, mpaka kuchita kutikokolola ndi burashi. Masiku ano tinkangokhuthuka ngati shuga, ndipo iye ankayamikira mumtima kuti ntchito yapepuka.

"Anathana nato bwanji?"

"Mankhwala ake aja opopera. Chitini china chili apo pa shelefu. Amati ku labu anaikako chake."

Chinali chitini chachitali chabuluu, chofanana ndi cha mankhwala a udzudzu. Nafumbi anawerenga zolembedwa pambali pake, koma sanafune kukhulupirira chitini. Anatulutsa chipeso m'chikwama, n'kuchikhula m'tsitsi mwamphamvu, n'kuchiyandikiza pa tiulusi timene tinagwera pa tebulo. Tiulusi tinadumpha n'kumata pa chipesocho. Anachipopera mankhwala aja, anadikira kuti chiume, anachikhulanso mpaka khungu la m'mutu linawawa. Anachiyandikiza. Tiulusi tinangokhala phee.

"Wayamba misala?" anafunsa mkulu wake.

"Alamu ali kuti?"

"Kwa aneba, akuwakonzera TV. Iwe, chavuta n'chiyani?"

Sanafunike kuwatsatira. Alamu analowa nthawi yomweyo akuimba mluzu, bokosi la zitsulo lili m'manja. Ataona chitini m'manja mwa Nafumbi anamwetulira.

"Mwachipeza chida changa! Tengani, ndili ndi china."

"Mumapopera chiyani ndi ichi ku labu?"

"Zonse. Tebulo, bokosi, mabotolo. Timikanda ndimatiyala pa thireyi, ndikatipopera bwinobwino, n'kutibwezera tikauma. M'mawa uliwonse inu musanafike. Simunaone kuti masiku ano n'taulemu?"

"Thumba latsopano lija?"

"Tsiku lomwe linafika. Ine sindidikira kuuzidwa."

Nafumbi anaika chitini pa tebulo mosamala kwambiri, chifukwa dzanja lake linkafuna kuchita china.

"Alamu, ndikufunseni mwambi. Munthu akufufuza ngati mchere umakometsa ndiwo. Wina akubwera m'mawa uliwonse n'kumatsuka mcherewo m'ndiwomo. Ameneyo timutche ndani?"

"Koma nyesi si mchere. Nyesi ndi mdani! Mukudziwa mafoni angati amene ndinawaona atapsa chifukwa munthu anangogwira m'kati ndi chala? M'bokosi muja muli kamera yodula, muli mawaya. Ine ndinalowa m'labu muja n'kupeza nyesi ili paliponse, ukagwira chitseko thwa, ukagwira tebulo thwa. Ndinati anthu ophunzirawa akhala bwanji muuve chonchi?"

"Uve umenewo ndiye ntchito yanga! Kamakina kogwedeza kaja mumayesa n'kotani? Kovinitsa timikanda?"

"Ndimayesa n'kosakaniza."

"Ndinakufotokozerani tsiku loyamba!"

"Munanena za nalimata ndi mzungu wa dzina lalitali uja. Za nyesi munanenadi, koma ine ndinamva ngati mukudandaula. Aliyense akatchula nyesi amakhala akudandaula."

"Tsitsa mawu, iwe," anatero mkulu wake. "Awa ndi alamu ako. Amakuthandiza."

"Andithandiza mpaka a Pulofesa akunditcha wabodza! Ndakhala ndikusintha nsapato ngati wamisala, ndikukayikira mutu wanga womwe, iwo ali pambali panga n'kachingwe kawo, kundifunsa kuti zakananso!"

Simbi inayamba kununkha, achemwali n'kuichotsa msanga pa jekete. Alamu anakhala pa mpando, bokosi la zitsulo lili pamiyendo, kumwetulira kuja kutathawa.

"A Pulofesa akamva, ine basi," anatero motsitsa. "Ndikadali poyesedwa."

"Sakamva," anatero mkulu wake, maso ali pa Nafumbi. "Sichoncho? Ungotsuka timikanda takoto, zitheke, nkhani ithe. Chibale ndi fupa."

"Chifundo chinapha nkhwali," anayankha Nafumbi. Anatola chitini chija n'kuchiponya m'chikwama, n'kutuluka osatsanzika.

Masiku otsatirawo anatsuka. Anatsuka bokosi, mabotolo ndi mathireyi ndi sipiriti. Anatsuka timikanda kambirimbiri n'kutiumitsa mu uvuni wa m'labu. Alamu anawaletsa kukhudza china chilichonse kupatula chingwe chokwezera bokosi. Koma sanatsuke tonse. Botolo limodzi la timikanda topopera analisiya padera, n'kulimanga kansalu kofiira pakhosi.

"Limenelo mukulisungiranji?" anafunsa alamu. "Tiyeni tikataye."

"Likhudzeni muone."

Lachitatu masana anakhuthula timikanda totsuka, ndipo tina tinakakamira m'mbali mwa botolo, tina tinadumphira pa mkono wake. Anaponya bokosi. Ataona kanema anangopita pawindo n'kuima kumeneko kanthawi.

Lachinayi komiti inafika: abambo awiri a masuti, ndi mayi wina wa imvi, katswiri wa za mankhwala, amene ankaitsogolera. Anthu a zipewa anabweranso, mmodzi atanyamula kale tepi yoyezera. A Pulofesa anaima chakumbuyo, pafupi ndi chitseko, malo abwino kwa munthu amene sakudziwa ngati adzafune kuoneka kapena kusowa.

Kamakina kanagwedeza. Alamu anamasula chingwe. Phuu.

Pa sikirini timikanda tinayandama, tinagundana, ndipo tiwiri tinagwirana. Kachitatu kanabwera chozungulira n'kumata. Kenako tina, kenako tina, mpaka panaoneka kagulu kokhala ngati mazira a chule, kakutembenuka pang'onopang'ono, kakukoka tinzake todutsa pafupi. Bambo wa tepi uja anaibweza m'thumba.

A Pulofesa anapezeka ali kutsogolo. "Monga mukuonera," anatero, "zimene takhala tikunena."

"Zokongola," anatero mayi wa imvi. "Koma ine ndinamva kuti kwa nthawi yaitali zimakana. Mwasintha chiyani?"

"Tinangokonza zina ndi zina," anayankha a Pulofesa.

"Zina ziti?" Mayiyo sankayang'ana a Pulofesa, ankayang'ana Nafumbi. "Chinthu chimene chimatheka lero, mawa n'kukana, popanda wodziwa chifukwa chake, si sayansi. Ndi mwayi, kapena china choipirapo. Sindingapereke chibowo kwa mwayi."

Alamu anali atagwira chingwe ndi manja awiri, maso ali pansi. Nafumbi anawayang'ana, anakumbukira nkhope ya mkulu wake pa tebulo lositira. Akanatha kunena kuti chinali chinyezi. Aliyense akanakhulupirira chinyezi. Koma akanalemba chinyezicho m'buku lake la digiri, wina kwinakwake akanataya zaka akuumitsa mpweya, ndipo funso la a Pulofesa lija, loti munali ndi ndani, likanamutsata mpaka kalekale.

Anatsegula chikwama n'kuika chitini chabuluu pa tebulo. Pambali pake anaikapo botolo la kansalu kofiira.

"Timikanda tinkapoperedwa mankhwala awa. Amapha nyesi. Nthawi yonse imene zinkakana, timikanda tinalibe nyesi. Ndatitsuka, nyesi yabwerera, tagwirana. Ta m'botolo ili sindinatsuke."

Mayi uja ananyamula chitini n'kuwerenga. Nsidze zake zinakwera. "Ndiye kuti muli ndi mbali zonse ziwiri. Nyesi ilipo, zikugwirana. Nyesi palibe, zikunjanja. Umenewutu ndiye umboni weniweni."

A Pulofesa sanachedwe. Pa liwiro lotere ndi pamene munthu umamvetsa mmene anafikira pa mpando wawo. "Ndithudi. Ndi mmene tinakonzera. Ndimawauza ophunzira anga nthawi zonse kuti uyenera kuyesa mbali zonse ziwiri."

Alamu anamva mawu oti umboni weniweni, anamvanso oti tinakonzera. Anasiya chingwe, anakonza kolala ya jekete, n'kusendera kutsogolo.

"Wopoperayo ndinali ine, mayi," anatero. "M'mawa uliwonse. Osaphonya."

Nafumbi anawayang'ana onse awiri, wina kumanja wina kumanzere, ataima ngati anthu odikira kujambulidwa. Munthu amene anamutcha wabodza, ndi munthu amene anachititsa kuti atchedwe wabodza.

"Palibe anakonza chilichonse," anatero Nafumbi. "A Pulofesa amva za chitinichi limodzi ndi inu. Lachisanu lapitali ankandifunsa ngati akanema anga oyamba anali oona. Bambo awa ankapopera chifukwa kumene anachokera nyesi ndi mdani, ndipo sanafunse munthu. Inenso ndinaona timikanda tikukhuthuka ngati shuga, osadzifunsa chifukwa chake. Inali ngozi, ndipo ndidzalemba kuti inali ngozi."

Mmodzi wa abambo a masuti anatsokomola. Khosi la a Pulofesa linatupa pamwamba pa tayi. Alamu anabwerera chafutambuyo mpaka anakagunda chingwe chawo.

Mayi wa imvi anaseka, kuseka kwenikweni, mpaka anavula magalasi. "Chabwino. Ponyani ta kansalu kofiirato tione."

Anaponya. Timikanda tinagundana n'kubalalika, kalikonse kulowera kwake.

"Chibowo chikhala kwa mtsikanayu," anatero mayiyo akuvala magalasi. "Zipewa zikagwere kwina. Chitinicho chizikhala m'kabati yokhoma, kiyi akhale ndi iye. Bambo inu, ntchito yanu yopopera ipitirira, koma muzipopera botolo limene wakulozerani, tsiku limene wakuuzani. Mukapopera lina, adzakuponyani m'chibowomo ndipo komiti sidzafunsa."

Anthu atatuluka, a Pulofesa anatsalira pakhomo.

"Mwandichititsa manyazi pamaso pa alendo."

"Inu munanditcha wabodza popanda alendo. Sindikudziwa chopweteka kwambiri n'chiti."

"Muphunzire kulankhula ndi akuluakulu. Buku lanu lidutsa pa tebulo langa."

"Lidzafika, ndipo mawu oti ngozi adzakhala pa tsamba loyamba."

Chitseko chinamenyedwa mwamphamvu moti timikanda ta pa thireyi tinanjenjemera. Alamu anali atazemba kale, ati kukagula mabatire.

Nafumbi anakhala pa mpando. Chibowo chinali chake. Ankayembekeza kuti asangalala, koma mtima unali ukadali phuphuphu ngati poto amene wachotsedwa kumene pamoto. Foni inalira. Anali mkulu wake.

"Ndamva zonse!" anafuula achemwaliwo. "Akuti akanapanda alamu ako, bwenzi pano ukutola zidutswa za zipewa. Akuti mayi wamkulu wa komiti wawapatsa udindo wapadera, iwo okha ndiye opopera! Iwe ndi ukali wako uja, Lamlungu unangotsala pang'ono kuwadya amoyo. Ubwere udzawathokoze. Pakamwa, osati pa foni."

Nafumbi anayang'ana jekete lake loyera. Manja onse anali mbuu ndi timikanda, tina m'matumba, tina m'kolala, tikunyezimira. Anatambasula dzanja, anatapa tina pa thireyi n'kuthira m'thumba lililonse mpaka kudzaza.

"Ndikubwera pompano, achemwali," anatero. "Kapeti ija munaichapa?"

"Dzulo lomweli. Bwanji?"

"Ndikufuna ndidzagwade bwino."

Anakhoma kabati, anaika kiyi m'chikwama, n'kutuluka jekete lili m'thupi.